Buku la Chipepeso ndi Chikondi cha Mulungu

Ndalemba kuti tithandizane nzeru pa nkhani imene inatigawanitsa m'gulu lathu zaka zingapo zapitazo, ndipo kunena zoona mpaka lero sitinamvane kwenikweni. Nkhani yake inayambira pa buku.

Gulu lililonse la amayi lili ndi buku lake. Lathu ndi kope lachikuto cholimba, limene amayi msungichuma amalisunga m'jumbo kuopa chiswe ndi mvula. M'menemo mumalembedwa amene apereka chopereka cha pamwezi, amene asonkha ufa ndi nkhuni pa maliro, ndi amene ajomba. Mudzi nawo uli ndi lake. Pa maliro pamakhala munthu wolemba chipepeso, ndipo maina amawerengedwa mokweza pamodzi ndi ndalama zake, aliyense akumva. Ndiye pali buku lachitatu, losaoneka ndi maso, limene aliyense wa ife amasunga mumtima mwake: uyu anabwera pa maliro a mwana wanga, uyu sanabwere, uyu anandigawira mchere, uyu ananditsekera chitseko.

Sindikunyoza mabukuwa. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, anatinso mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Munthu wakumudzi alibe inshuwalansi ina yoposa anzake. Banki mkhonde yopanda buku siingathe mwezi anthu asanagwirane pakhosi. Koma tamverani bwino miyambi iwiriyi. Yonse ikuyang'ana mawa. Ndikupatsa lero chifukwa mawa udzandibwezera. Nanga munthu amene alibe choti adzabweze mawa, ndevu zake azime ndani?

Kumtunda kwa msewu wa M1, kufupi ndi kwathu, kunkakhala agogo ena amasiye amene dzina lawo sinditchula. Anabereka ana asanu. Anayi anawaika m'manda m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene Edzi inkasesa midzi yathu, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kugawidwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Wachisanu anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo sanamvekenso. Mukudziwa nokha zimene anthu amanena za nkhalamba imene ana ake atha koma iyo ikadali moyo. Poyamba zinali zonong'ona. Kenako agogowa akafika pa siwa, amayi ankasuntha mphasa zawo pang'onopang'ono mpaka agogo n'kutsala okha pakona. Ataona choncho anasiya kupita ku maliro. Pamenepo mlandu unakhala pawiri: ndi mfiti, ndiponso sabwera pa maliro a anzawo. Tinawathamangitsa tokha, kenako n'kuwalemba kuti ajomba.

Chaka china m'nyengo ya dzinja mwana wasukulu anauza amayi ake kuti kwa agogo aja sikunafuke utsi masiku atatu. Mayiyo anabweretsa nkhaniyi pa msonkhano wathu n'kupempha kuti titape ufa pang'ono m'thumba la gulu tikawaone. Amayi msungichuma anatsegula buku. Agogowa sanali membala, sanali a mpingo wathu, ndipo sanasonkhepo ngakhale kapu imodzi ya ufa. Wina anati ufawo ndi wa mamembala ndi mabanja awo. Wina anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga akatipatsa chakudya, tidya?" Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza amayi ena achikulire, amene anavekedwa yunifomu ine ndisanabadwe, anakweza mutu n'kufunsa kuti, "Ana anga, tsiku limene munkabatizidwa munasonkha zingati?"

Funso limeneli landikhala mumtima kuyambira tsiku limenelo. Ambiri a ife mu Mpingo wa Anglican tinabatizidwa tili makanda. Tinali tisanapemphere ngakhale kamodzi, tisanapereke chachikhumi, tisanasese m'tchalitchi. Chimene tinachita ndi kulira basi, enafe mwina kunyowetsa mkanjo wa abambo wansembe. Mayankho anatiyankhira ena. Komabe wansembe anatilemba chizindikiro cha mtanda pamphumi, ndipo kuchokera tsiku limenelo tinatchedwa ana a Mulungu. Paulo Woyera akufotokoza zomwezi m'mutu wachisanu wa kalata yake kwa Aroma. Khristu sanadikire kuti tiyambe takonzeka ndiye atifere. Imfa yake inatipeza tili m'matope athu omwewo. Kalata yoyamba ya Yohane, mutu wachinayi, ikutikumbutsanso kuti woyamba kukonda sanali ife. Timadziwa mawu onsewa, timawaimba ndi kuwaphunzitsa ana a Sande sukulu. Chimene timachedwa kuona ndi chakuti ngati zili choncho, ndiye kuti dzina lathu linalowa m'nyumba ya Mulungu popanda mzera wa zimene tasonkha.

Ndimakonda kuganizira za Zakeyu, m'mutu 19 wa Luka, chifukwa mikuyu tili nayo kuno ndipo anthu odya za anzawo tili nawonso. Chofunika m'nkhani ija ndi ndondomeko ya zinthu. Ambuye Yesu sanamuuze kuti ayambe wabweza zimene anaba, abwere ndi umboni, ndiye adzaganize zokadya kwake. Anangomuitana atsike, n'kukalowa m'nyumba mwake anthu akung'ung'udza. Ong'ung'udzawo sankanama ayi. Anali ndi buku lawo, ndipo m'bukumo Zakeyu anali wakuba weniweni. Koma munthu uja atalandira Mlendo amene sanamufunse kanthu, anaimirira yekha n'kulonjeza kugawa theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera. Ife timatembenuza. Timati sintha kaye, tikuone, ndiye tidzakukonde. Ndipo timadabwa kuti anthu sasintha.

Tsiku lija anapita amayi atatu okha. Ine sindinali nawo. Ndinati ndili ndi chinangwa choviika chofunika kuvuula, ndipo chinangwacho chinalipodi, koma chimene chinandiletsa chinali mantha. Ndinapita ulendo wachiwiri, nditaona kuti anzanga atatu aja adzuka bwinobwino. Ndikulemba izi ndi manyazi.

Tinapeza mtsuko wopanda madzi, phulusa lozizira pamafuwa, ndi mphasa yonyowa chifukwa denga linkadontha. Agogo anali atagona chopinda miyendo. Musaganize kuti anatilandira ndi misozi ya chimwemwe. Anatiyang'ana n'kutifunsa m'Chitumbuka ngati tabwera kudzaona kuti afa kale. Tinaphika phala, koma iwo anakana kulilawa mpaka mmodzi wa ife atayamba wamwako iwo akuona. Pamenepo ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizepo. Ife tinkaopa kudya cha m'manja mwawo, iwonso ankaopa kudya cha m'manja mwathu. Ndipo pa awirife, amene anali ndi chifukwa chenicheni choopera anali iwo.

Tinawakweza pa njinga ya kabaza kupita nawo kuchipatala, kumene anawapeza ndi malungo ndi kuchepa kwa magazi. Anachira, n'kukhalanso ndi moyo chaka ndi theka. M'nthawi yonseyo sanapondeko kutchalitchi kwathu. Ankatikalipira nsima ikafewa, ankatinenanso kuti sitidziwa kusesa. Amene akufuna nkhani yothera pa ubatizo wa agogowa andikhululukire, chifukwa sizinatero. Ngati tinkawatungira madzi kuti tiwakokere mu mpingo, ndiye kuti tinaluza, ndipo kukanakhala kupatsa kwa kuika komwe kuja, kungosintha mtundu wa malipiro.

Amayi a mu dayosizi yathu ya Kumpoto kwa Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1995, sitiyenera kuiona nkhani ya nkhalamba zonenedwa ufiti ngati yachilendo. Tchalitchi chathu chachikulu cha Petro Woyera pa chilumba cha Likoma chinamangidwa pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa kuti ndi afiti. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, ndipo mu 1905 anthu anayamba kupempheramo. Amishoni a UMCA anachitanso chimodzimodzi ku Zanzibar, kumene anamanga tchalitchi chachikulu pamalo pamene panali msika wa akapolo. Tikagwada ku Likoma kulandira Mgonero Woyera, mawondo athu amakhala pa dothi limene linamva kulira kwa anthu amene mudzi wonse unawakana. Koma moto uja sunazime m'dziko muno. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Mu Disembala 2022 ku Mzimba amayi awiri achikulire anazunzidwa pamanda, n'kukakamizidwa kukwirira manda khamu la anthu likuonerera. Boma lathu la Karonga nalo latchulidwa kangapo pa wailesi ndi m'nyuzipepala pa nkhani zotere. Lamulo la dziko la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulo silingatunge madzi, silingakhale pa mphasa imodzi ndi munthu amene ena amuthawa. M'makamu oonerera aja munali anthu obatizidwa, ndipo sindikukayika kuti ena anali ndi yunifomu yochapa bwino m'sutikesi kunyumba.

Mwina wina afunsa kuti, nanga akanakhala kuti analidi mfiti? Ine ndimakhulupirira kuti ana a agogo aja anafa ndi matenda amene anapha ana a anthu ambiri m'zaka zimenezo. Koma ngakhale kwa mayi amene sakugwirizana nane, funso la ubatizo lija silichoka. Ngati chikondi cha Mulungu chili ndi malire pa munthu woipitsitsa, ndani wa ife akudziwa pamene malirewo adutsa, ndipo akutsimikiza bwanji kuti iye ali mbali yabwino?

Tsopano ndiwachitire chilungamo amayi msungichuma, chifukwa ndi mayi wokhulupirika amene sanasowetsepo tambala ya gulu. Funso lawo linali lakuti, tikayamba kuthandiza osasonkha, mawa asonkha ndani? Si funso lopusa. Amayi awiri anasiyadi kusonkha kwa miyezi ingapo, ati ufa wawo sungamakadyetse anthu akunja, ndipo mmodzi sanabwererenso. Wina amuna ake anamuletsa kupita kwa agogo. Kumsika anthu ankatinena kuti amayi a Anglican alowa gulu la usiku. Zonsezi zinatipweteka. Ndipo ndikuvomera kuti ndalama za gulu ziyenera kulembedwa, kuwerengedwa ndi kulongosoledwa poyera. Pamene tinalakwa ndi pamene tinatenga buku la ndalama n'kuliyesa muyeso wa munthu, kenako n'kuyamba kuganiza kuti Mulungu naye amasunga lotere.

Fanizo la antchito a m'munda wa mphesa, m'mutu 20 wa Mateyu, limatiwawa ife amene tinagwirapo ganyu. Wina walima kuyambira m'bandakucha, dzuwa la kuno ku Karonga likumuwotcha msana, wina wabwera dzuwa litapendeka, ndipo madzulo alandira zofanana. Ndani sangadandaule? Koma taonani bwino. Woyamba uja sanaberedwe, analandira zimene anapangana. Ndipo otsiriza aja sanachedwe chifukwa cha ulesi. Anaima pamsika tsiku lonse popanda wowalemba. Amene amatsala pa ganyu timawadziwa, ndi okalamba, odwaladwala, ooneka ofooka. Malipiro aja anali chakudya cha tsiku limodzi cha banja. Mwini munda sanafune kuti kunyumba kwa munthu wotsalayo ana agone ndi njala. Chimene chinawawa oyamba aja si njala yawo, koma kukhuta kwa mnzawo.

Bungwe lathu lomweli silinayambe ngati kalabu ya osonkha okhaokha. Mary Sumner atayambitsa Mothers' Union mu 1876 ku Old Alresford ku England, anaitana amayi olemera ndi osauka a m'parishi ya amuna ake kuti akhale pamodzi. Pa zolinga zisanu zimene timalonjeza tsiku lovekedwa, chachisanu chimatituma kwa anthu amene mabanja awo agwa m'mavuto. Sichinena kuti tiyambe taona ngati ali m'buku. Ndiponso timadziwa kuchita zimenezi tikapanikizika. Nthawi ya zivomerezi za mu Disembala 2009, nyumba zitang'aluka m'boma lino, anthu ankagona panja moyandikana, kugawana bulangete ndi moto, ndipo palibe amene anafunsa mnzake za mpingo wake kapena za chipepeso. Nthaka itasiya kugwedezeka tinatsegulanso mabuku athu.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa mawu akuti chikondi chopanda malire agwiritsidwa ntchito molakwika pa amayi ambiri. Mayi akabwera ndi diso lotupa timamuuza kuti pirira, banja ndi kupirira, Mulungu amakonda osayang'ana zolakwa, nawenso uzitero. Amayi anzanga, mayi womenyedwayo nayenso Mulungu amamukonda popanda malire, ndi thupi lake lomwe. M'mutu 8 wa Yohane, chinthu choyamba chimene Ambuye anachita ndi kuletsa miyala, zokamba zinabwera pambuyo. Kukonda mwamuna wankhanza sikutanthauza kumubisira kuti apitirize kuchimwa pa thupi lako. Nthawi zina kumatanthauza kupita kwa ankhoswe, kwa abambo wansembe, ndipo zikakanika, ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Mulungu salipiritsa kuti akonde munthu, koma satchula choipa kuti ndi chabwino.

Ndiye kodi chinasintha n'chiyani, popeza agogo sanasinthe? Ndiyankhe za ine ndekha. Miyezi yomweyo mwana wanga wamkazi, amene anali Fomu 3, anapezeka ndi pakati. Ndinakwiya ndi mwanayo, koma kwenikweni ndinakwiya ndi Mulungu. Usiku ndinkamuwerengera zanga zonse. Ndinkati Ambuye, ine sindijomba Misa, ndimasesa nyumba yanu, ndimayendera odwala, ngakhale kwa agogo aja ndikupita, ndiye mwandibwezera zimenezi? Ndinali mwana wamkulu uja wa m'mutu 15 wa Luka, amene anakana kulowa m'nyumba ya phwando n'kuyamba kuwerengera bambo ake zaka zimene anawagwirira ntchito. Ndinazindikira kuti zaka zonsezi ubwino wanga unali ngongole imene ndinkamukongoza Mulungu, ndipo ndinkayembekeza chiwongoladzanja. Yunifomu ndinaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Mwanayo ndinasiya kumulankhula, ankadya yekha kukhitchini.

Kwa agogo kokha ndi kumene ndinkapitabe, mwina chifukwa kumeneko kunalibe wondiseka. Tsiku lina ndikuwazira pakhonde ndinalephera kudzigwira, ndinawauza zonse ndikulira. Anandimvetsera osanena kanthu. Kenako anandifunsa kuti, "Mwanayo ali moyo?" Ndinati inde agogo. Iwo anati, "Ndiye mukulira chiyani? Pitani mukamuphikire." Anatembenuka n'kuyang'ana kumanda kumene kunagona ana awo anayi, ndipo sanawonjezere mawu.

Ndinapita kunyumba, ndinaphika kondowole ndi usipa, n'kumuitana mwana wanga kuti tidyere mbale imodzi. Sanadye zambiri, ankangolira. Sindinamufunse kuti ayambe wapepesa. Anapepesa yekha patapita masiku, ndipo atabereka anabwerera kusukulu, malinga ndi ndondomeko ya boma ya 1993 yolola atsikana obereka kupitiriza maphunziro. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinafunika kuphunzira kuti mwanso ndi mwana, ngakhale atakuchititsa manyazi pa mpingo wonse. Lamulungu lotsatira ndinapita ku Misa ndili ndi mantha, ndipo potambasula manja kulandira Mgonero ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti manjawo amakhala opanda kanthu. Zaka zonsezi ndinkawatambasula choncho osaganizira.

Kuyambira pamenepo kutumikira kwanga kunapepuka. Ntchito zake ndi zomwezo, kusesa, kuyendera odwala, kugona pa siwa, koma ndinasiya kuwerenga. Munthu amene akugwira ntchito kuti akondedwe amatopa msanga, amachita nsanje, ndipo amayang'anitsitsa mbale ya mnzake. Amaopanso kukhala pafupi ndi wochimwa kuti mwina mbiri yake ingade. Sindikunena kuti ndafikapo. Buku lamumtima lija ndimalipezabe lotsegula, makamaka ndikakumana ndi mayi uja amene sanabwere pa maliro a amuna anga.

Agogo anamwalira m'mwezi wa Ogasiti, usiku, mmodzi wa ife ali pambali pawo. M'mawa adzukulu anabwera ochepa, ndipo anafumu anachita kuyankhula mwamphamvu kuti anyamata atenge makasu. Wachibale wolandira chipepeso panalibe. Ife tinavala yunifomu, ngakhale kuti ena ankati siziyenera pa maliro a munthu wosakhala membala, ndipo mkangano umenewo sunathe mpaka lero. Tinasambitsa thupi, tinaimba, tinaperekeza. Amayi ena a m'mudzi anaima patali m'mithunzi ya mango akuonerera, koma pofika kumanda ndinaona atatu kapena anayi atalowa mumzera.

Pa msonkhano wotsatira amayi msungichuma anafunsa kuti ufa, sopo ndi nsalu zimene zinapita kwa agogo azilembe pati, popeza tsamba lililonse la buku lathu lili ndi dzina la membala pamwamba ndi malo olembapo zobweza. Tinayang'anana. Iwo okha anatembenuza kope lija, n'kuyamba kulemba kuchokera ku tsamba lomaliza, zotuluka zokha, popanda mzera wa zobweza. Masamba akumbuyowo tsopano akwana asanu ndi limodzi, ndipo iwo amadandaulabe mwezi ndi mwezi kuti thumba likuchepa. Loweruka likubwerali tikupita kwa agogo ena aamuna kufupi ndi nyanja, amene maso awo anachita khungu ndipo adzukulu awo anawasamukira. Amayi a magulu oyandikana nafe amene angathe, abwere ndi nkhuni ndi udzu wofolera, chifukwa denga lawo silifika mvula yoyamba.